Kukonza foni kuti munthu waulumali aziigwiritsa ntchito yekha: malangizo a pang'onopang'ono

Mafoni ambiri a Android amene amagulitsidwa pa boma pa Dedza, pa Chimbiya kapena pa Linthipe amabwera ali kale ndi zida zothandiza munthu wosaona, wosamva kapena wovutika kugwira zinthu ndi manja. Palibe cholipira china. Zidazi zimangokhala m'kati mwa Settings, ndipo wogulitsa sazitchula. Zotsatira zake timaziona m'makomo mwathu: foni ndi ya agogo kapena ya achimwene, koma imakhala m'thumba mwa mwana wa sukulu, ndipo mwini wake amadikira kuti mwanayo aweruke ndiye amve uthenga umene unafika m'mawa.

Anthu okhudzidwa si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, 1,556,670 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Mwa anthu 100 alionse a m'gululi, 49 amavutika kuona, 27 kuyenda ndipo 24 kumva. Anthu achialubino anapezeka 134,636. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 9 la panganoli limatchula njira zamakono zotumizirana mauthenga, intaneti yomwe. Mu 2024 tinakhalanso ndi lamulo latsopano la anthu aulumali, limene linasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Zonsezo n'zabwino, koma kuyatsa zida za m'foni ya azakhali anu ku Mayani ndi ntchito ya inu amene mumakhala nawo.

Pa zonse zimene ndilembe pano ndikufuna chinthu chimodzi: mwini foni azitha kuimba, kumva kapena kuwerenga uthenga, ndi kutumiza ndalama popanda kuuza munthu aliyense pini yake.

Choyamba, funsani mwini wake

Musanatsegule Settings, khalani pansi mucheze. Anthu awiri amene onse timati saona akhoza kufuna zosiyana kotheratu. Wina saona ngakhale kuwala, wina amawerenga bwinobwino zilembo zikakula, wina amaona masana okha. Osamva nawonso n'chimodzimodzi: wina amamva ndi khutu limodzi, wina anabadwa wosamva ndipo chinenero chake ndi chamanja. Funsani mafunso a ntchito. "Amalume, pa foni pamakuvutani n'pati? N'chiyani chimene mumatuma ana, chimene mukanakonda kumachita nokha?" Wina anena kuti akufuna kudziwa amene akuimba, wina kumva uthenga wa ndalama, wina kumvera wailesi kapena Baibulo, wina kulankhulana ndi wogula kachewere wa ku Lilongwe. Tengani ziwiri kapena zitatu mwa zimene watchulazo, muyambire pamenepo.

Funsolo lipite kwa mwini foni, osati kwa womuperekeza. Munthu ali pomwepo, ife n'kumafunsa akazi awo kuti "kodi awa amafuna chiyani?" Zimenezi zimapweteka, komanso yankho limene mungapeze silikhala lenileni.

Onaninso kuti simu inalembetsedwa m'dzina la ndani. Ngati ndi la mdzukulu, ndiye kuti Mpamba kapena Airtel Money imene ili pa simuyo ndi ya mdzukuluyo, ndipo tsiku limene simu idzatayike kapena pini idzatsekedwe, mwini ndalama sadzathandizidwa popanda iye. Aperekezeni ndi chiphaso chawo chaunzika akalembetse m'dzina lawo.

Chachiwiri, ionetsetseni foniyo

Galasi long'aluka ife timangopirira nalo, koma munthu wosaona amawerenga ndi chala, ndipo ming'aluyo imacheka komanso imasokoneza foni. Sinthani galasi loteteza ngati linasweka. Yesani mabatani onse awiri a voliyumu, sipika ndi polowetsa mahediseti, chifukwa zonsezi zigwira ntchito yaikulu. Ngati mukugula yatsopano ndipo thumba likulola, pewani ya RAM ya 1GB. Imachedwa kuyankha, ndipo wophunzira amaganiza kuti walakwitsa ndi iye pamene yachedwa ndi foni.

Kenako pezani malo otchedwa Accessibility, pamene pamakhala zida zothandiza zija. Pa Samsung ali poonekera mu Settings. Pa Tecno ndi itel nthawi zambiri amabisala pansi pa System kapena pa mndandanda wa zoonjezera. Njira yachidule ndi kulemba mawuwo pa malo ofufuzira amene ali pamwamba pa Settings. Ngati TalkBack, apu yowerengera mokweza munthu wosaona, mulibemo, gulani bandulo, lowani pa Play Store mutenge Android Accessibility Suite. Ndi yaulere.

Mukadali momwemo, chitani zinthu zitatu zing'onozing'ono. Chotsani pa sikirini yoyamba maapu onse amene mwini wake sawagwiritsa ntchito. Sankhani kuti pansi pa sikirini pazioneka mabatani atatu aja, lobwerera, lopita koyambira ndi loonetsa maapu otsegula, m'malo moyendetsa foni pokoka chala m'mbali. Ndipo kwa amene amakhala m'mbali mwa msewu wa M1 kumene wayandikana ndi malire, monga ku Lizulu ndi ku Biriwiri, sankhani netiweki pamanja kuti foni isamalumphire yokha pa netiweki ya ku Mozambique. Woona amazindikira msanga kuti dzina la netiweki lasintha. Wosaona amangodabwa kuti foni yasiya kuimba.

Chachitatu, kwa munthu wosaona: TalkBack

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi.

TalkBack ndi apu imene imawerenga mokweza chilichonse chimene chala chakhudza. Ikayaka, foni imasintha kagwiridwe kake konse, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti yawonongeka. Musanaiyatse, yambani mwatsegula TalkBack shortcut n'kusankha mabatani a voliyumu. Mukatero, kukanikiza mabatani awiriwo pamodzi kwa masekondi atatu kumayatsa kapena kuzimitsa TalkBack. Mwini foni ayese zimenezi kangapo ndi dzanja lake mpaka azolowere. Ndi pothawira pake zinthu zikasokonekera.

Tsopano iyatseni, mupereke foni m'manja mwa mwini wake. Kuyambira pano manja anu akhale pamiyendo. Zili ngati kuphunzitsa munthu njinga: inu mumangogwira kaliyala, wopalasa ndi iyeyo. Mukalanda foni n'kunena kuti "bweretsani ndikuonetseni," palibe chimene waona, ndipo palibe chimene chala chake chaphunzira.

Tsiku loyamba phunzitsani zinayi zokha. Kuyendetsa chala pang'onopang'ono pa sikirini: foni imatchula chimene chili pansi pa chalacho, koma sichitseguka. Kukokera chala kumanja mwachangu n'kuchinyamula: foni imapita pa chinthu chotsatira, ndipo kukokera kumanzere kumabwerera pa cham'mbuyo. Kugogoda kawiri mofulumira paliponse pa sikirini: chimene foni yatchula komaliza chimatseguka. Mawu oti paliponse ndi ofunika, chifukwa ambiri amavutika kusaka malo enieni pamene sipafunika kutero. Chachinayi, kukweza kapena kutsitsa tsamba kumafuna zala ziwiri. Zinayizi zikakhazikika, munthu akhoza kale kutsegula mndandanda wa mayina n'kuimbira mwana wake.

Tsiku lina onjezani zokhota. Kukokera chala pansi kenako kumanzere, osanyamula, ndi kubwerera m'mbuyo. M'mwamba kenako kumanzere ndi kupita koyambira. Pansi kenako kumanja kumatsegula mndandanda wa TalkBack. Mu Settings ya TalkBack mulinso phunziro lotchedwa Tutorial limene limayendetsa munthu pang'onopang'ono. Lili m'Chingerezi, choncho khalani pambali muzimasulira.

Kulemba kuli ndi njira yakeyake. Chala chimayenda pa kiyibodi mpaka foni itatchula chilembo chofunikacho, ndipo chikanyamulidwa chilembocho chimalembeka. Poyamba zimachedwa kwambiri. Musakakamize. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umathandiza pa zambiri, koma manambala okha munthu aphunzire kulemba ndithu chifukwa ndi amene amafunika pa ndalama. Amene anaphunzira Braille kusukulu auzeni kuti TalkBack ili ndi kiyibodi ya madontho asanu ndi limodzi pa sikirini pomwepo, ndipo ambiri a iwo amalemba nayo mofulumira kuposa kiyibodi wamba.

Nkhani ya mawu a foni. Pansi pa Text-to-speech mungachepetse liwiro la kalankhulidwe. Yambani pang'onopang'ono, mwini wake adzakweza yekha khutu likazolowera. Mawu a Chingerezi amapotoza Chichewa, moti dzina ngati Mtakataka limamveka zachilendo. Ngati pa mndandanda wa zinenero pali Chiswahili, chiyeseni powerenga mauthenga a Chichewa, popeza katchulidwe ka zilembo zake kali pafupi ndi kathu. Mayina a anthu alembedwe monga mwini foni amawaitanira, ndipo lililonse mulimvere mmene foni ikulitchulira. Ngati awiri akumveka mofanana, onjezani mudzi kapena ntchito: Amayi a ku Lobi, Achimwene a njinga.

Kuno mwezi wa June ndi July zala zimauma ndi chisanu, ndipo kugogoda kawiri mofulumira kumavuta m'mamawa. Phunzirani masana pa dzuwa, kwa nthawi yochepa, koma tsiku ndi tsiku.

Ngati mukudziwa munthu wina wosaona amene amagwiritsa kale ntchito TalkBack, alumikizeni awiriwa. Amaphunzitsa bwino kuposa ine ndi inu, chifukwa njira zake zachidule anazipeza ndi chala, osati ndi maso. A Malawi Union of the Blind, aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma ndi malo oyenera kufunsirako.

Chachinayi, ndalama

Apa m'pamene pali ulemu wa munthu, ndipo m'pamenenso anthu aulumali amaberedwa kwambiri, nthawi zina ndi a m'nyumba momwemo.

Gulani mahediseti. Munthu akaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, TalkBack imawerenga mokweza zonse, balansi ndi manambala amene akulemba. Pa msika, kapena pa mzere wa kwa ejenti, zimenezo zisamveke kwa wina. Khutu limodzi livale hediseti, linalo lizimva zochitika pambali. Pa mndandanda wa TalkBack palinso Hide screen, imene imadetsa sikirini kuti woima pambali asaone kanthu pamene foni ikugwirabe ntchito.

Sungani *211# kapena *444# ngati dzina la munthu m'foni kuti pasamafunike kulemba nyenyezi ndi kachizindikiro komaliza kaja nthawi zonse. Pini yokha isasungidwe pena paliponse m'foni.

Vuto lalikulu la njira imeneyi ndi nthawi. Mndandanda umatsekeka wokha munthu akachedwa kuyankha, ndipo womvera amachedwa kuposa wowerenga ndi maso. Mankhwala ake ndi kuloweza. Yambani ndi kufunsa balansi, mubwereze mpaka mwini foni adziwe pamtima nambala yotsatira asanamve mndandanda wonse. Kenako atumize ndalama yochepa kwa wachibale amene ali pomwepo, amve uthenga wotsimikiza, wachibaleyo abweze. Asanalembe pini azimvetsera kaye nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama. Pini ikalakwika kangapo akaunti imatsekedwa, choncho pophunzira musathamange.

Zimenezi zikatheka, mwini foni asinthe pini inu mutatuluka panja. Ndikunena inu amene mwamuphunzitsa. Ngati pini yakale inkadziwika ndi ana, ino ndiyo nthawi yoti ithe ntchito.

Mayunitsi azigula kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money m'malo mwa khadi lokanda limene sangaliwerenge. Manambala 20 a magetsi a ESCOM akhoza kuwamva imodziimodzi: mu TalkBack muli njira yowerenga chilembo chimodzi pa nthawi, yotchedwa Characters. Muwachenjezenso za anthu oimba n'kumati "ndatumiza ndalama molakwika, bwezani." Asabweze kanthu asanafunse balansi okha.

Kwa inu maejenti: kasitomala wosaona akafika, muuzeni mokweza ndalama imene mwalemba, musiyeni alembe yekha pini, mudikire uthenga ufike pa foni yake, ndipo powerenga ndalama muike m'manja mwake imodziimodzi mukutchula. Kwa wosamva lembani papepala kapena muonetseni pa sikirini. Mzere ukhoza kudikira mphindi imodzi.

Chachisanu, kwa amene amaona movutikira

Gulu ili ndilo lalikulu: achikulire a ng'ala, odwala shuga amene maso ayamba kufooka, ndi abale athu achialubino, amene ambiri amaona pafupi pokha ndipo kuwala kwambiri kumawapweteka m'maso. Ambiri mwa awa safuna TalkBack.

Yambani ndi Font size ndi Display size. Kwezani pang'onopang'ono mwini wake akuyang'ana, aime yekha pamene pamukwanira. Mukakweza mopitirira, mawu ena amadukira m'mbali. WhatsApp ilinso ndi pake pokulitsira zilembo, pansi pa Chats. Kenako yesani Dark theme, imene imaika zilembo zoyera pa sikirini yakuda. Amene kuwala kumawavuta amapeza mpumulo, koma ena amawerenga bwino zakuda pa zoyera, ndiye musawasankhire. Chithunzi cha maluwa kapena cha timu ya mpira kumbuyo kwa maapu chichotsedwe, paikidwe mtundu umodzi.

Magnification imakulitsa chilichonse chimene chili pa sikirini. Mungaike kuti iziyaka pogogoda katatu kapena pa kabatani kapadera, ndipo ikayaka zala ziwiri ndizo zimayendetsa. Select to Speak ndi yabwino kwa amene maso amatopa msanga: amadina kabatani, n'kukhudza uthenga, foni n'kuwerenga umenewo wokha, kagwiridwe ka foni osasintha.

Kamera nayo ndi chida. Mwana wachialubino akhoza kujambula zimene zalembedwa pa bolodi n'kuzikulitsa, ngati aphunzitsi aakulu avomereza. Agogo akhoza kujambula pepala la mankhwala kapena la mbewu n'kuliwerenga bwinobwino. Apu ya Lookout imawerenga mokweza mapepala osindikizidwa, ndipo Be My Eyes imalumikiza munthu ndi wodzipereka amene amaona kudzera pa kamera. Koma kuimbira mchemwali pa vidiyo ya WhatsApp n'kutembenuza kamera kumagwira ntchito yomweyo, m'Chichewa, ndi munthu amene mumamukhulupirira.

Chachisanu ndi chimodzi, kwa osamva ndi akumva movutikira

Poyamba foni izidziwitsa popanda phokoso. Yatsani kunjenjemera pa kuimba ndi pa mauthenga, ndipo ngati foni ili ndi njira yoti tochi iziphethira uthenga ukafika, yatsaninso. Kwa womva ndi khutu limodzi, pa Accessibility pali Mono audio, imene imasonkhanitsa mawu onse kuti asagawike m'makutu awiri, ndi Audio balance yokankhira mawu ku khutu lakumvalo.

Apu ya Live Transcribe imalemba pa sikirini zimene munthu akulankhula. Imathandiza pamene olankhula akugwiritsa ntchito Chingerezi, monga m'kalasi ya ku sekondale kapena pa msonkhano wa ku ofesi. Pa zokambirana za m'Chichewa dalirani kulemberana ndi chinenero chamanja.

Kwa amene chinenero chawo ndi chamanja, monga ambiri amene anaphunzira pa sukulu ya ana osamva ya ku Mua, foni yeniyeni ndi vidiyo. Ndiye pafunika zinthu zitatu. Manja onse awiri akhale omasuka, choncho foni iime payokha. Kalipentala aliyense akhoza kusema kathabwa kokhala ndi mpata woikamo foni. Kuwala kukhale kumaso, osati kumbuyo: munthu akakhala pakhomo dzuwa lili kumsana, winayo amangoona mthunzi. Ndipo kamera ionetse kuyambira pamutu mpaka pamimba, chifukwa nkhope ndi mapewa zimalankhula pamodzi ndi manja. Kumene netiweki imadukaduka, monga m'midzi ya kuseri kwa mapiri, ndi bwino kujambula vidiyo yaifupi n'kutumiza kusiyana ndi kuimba, popeza chithunzi chikamaima zizindikiro zimaduka pakati. Vidiyo imadya bandulo kwambiri. Pogawa ndalama za mayunitsi pakhomo, kumbukirani kuti kwa mwana wosamva bandulo si zosangalatsa chabe, ndi pakamwa pake.

Polemberana, lembani ziganizo zazifupi zomveka, popanda zidule ndi mikuluwiko. Kwa munthu amene anakula ndi chinenero chamanja, Chichewa cholemba ndi chinenero chachiwiri. Ndipo inu a pabanja phunzirani zizindikiro. Bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha ku Malawi, komanso mphunzitsi woyamba muli naye kale m'nyumba.

Chachisanu ndi chiwiri, kwa amene manja amawavuta

Amene anachita sitiroko, amene manja amanjenjemera, kapena amene ali ndi dzanja limodzi, vuto lawo ndi loti foni imamva zimene sanafune. Sinthani Touch and hold delay ikhale yaitali, kuti chala chikachedwa kunyamuka foni isatsegule zina. Accessibility Menu imabweretsa pa sikirini mabatani aakulu a voliyumu, otsekera foni ndi ena, kuti pasafunike kukanikiza timabatani ta m'mbali. Ikani pa sikirini yoyamba zithunzi za anthu amene amaimbiridwa kawirikawiri, zoti kungodina kamodzi foni iziimba. Njira yomweyi imathandiza amene sadziwa kuwerenga ndi amene amaiwala msanga. Pojambula mawu pa WhatsApp, kukokera kamaikolofoni m'mwamba kumakatseka kuti munthu alankhule osagwirizira. Kathabwa kaja kathandizanso apa, pamodzi ndi chikwama cha labala choti foni isamaterereke. Kutsegula foni ndi chidindo cha chala n'kophweka, koma zala zogwira khasu nthawi zina sizimveka, ndiye lembetsani zala zingapo.

Ngati foni ndi ya mabatani

Musainyoze. Kwa anthu ambiri osaona ndi yodalirika, ndipo batire yake imakhalitsa kumene kulibe magetsi. Batani la 5 lili ndi kachotupa komveka ndi chala, ndipo ena onse amapezeka kuchokera pamenepo. Ikani Speed dial kuti kukanikiza 2 kuziimbira mwana, 3 mlongo, motero. Munthu aliyense wofunika mumupatse kaliridwe kake. Mafoni ena a itel ali ndi King Voice, imene imatchula manambala ndi mndandanda mokweza. Funsani pogula, ndipo muiyese muli m'shopu momwemo.

Pa kompyuta ya kusukulu kapena ya ku ofesi

NVDA ndi pulogalamu yaulere yowerenga sikirini pa Windows, imene inayambidwa mu 2006 ndi anthu awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Ikhoza kuikidwa pa fulashi n'kumayenda nayo, osasintha kalikonse pa kompyuta ya eni ake. Ikaikidwa pa kompyuta imayaka ndi Ctrl, Alt ndi N pamodzi, ndipo Ctrl yokha imaikhalitsa chete. Imabwera ndi mawu a eSpeak, amene ali ndi Chiswahili. Wophunzira ayambe ndi kiyibodi: F ndi J zili ndi timizere tomveka ndi chala. Batani la Windows pamodzi ndi chizindikiro chophatikiza limakulitsa sikirini. Kudina Shift kasanu kumayatsa Sticky Keys, yothandiza wolemba ndi dzanja limodzi. Aphunzitsi, manotsi aperekedwe ngati fayilo ya Word. Pepala lojambulidwa ndi kamera, kwa NVDA ndi chithunzi chabe.

Tsopano inu otumiza mauthenga

Foni ikhoza kukonzedwa bwino, munthu n'kumatsalabe chifukwa cha mmene ife timatumizira zinthu. Ganizirani uthenga wa maliro pa gulupu ya mudzi kapena ya mpingo. Ukabwera ngati mawu ojambula okha, wosamva sadziwa kuti kwagwa zovuta. Ukabwera ngati chithunzi cha positala chokha, wosaona amangomva foni ikuti chithunzi. Onse awiri adzamva mawa, mwambo utatha, ndipo anthu adzati sanabwere.

Choncho ma adimini a magulupu a mpingo, a banki mkhonde, a komiti ya sukulu ndi a makalabu a alimi, gwirizanani lamulo limodzi: uthenga wofunika uzibwera m'njira ziwiri. Mwatumiza mawu, lembani pansi pake mfundo zake, chachitika n'chiyani, kuti, liti, nthawi yanji. Mwatumiza positala, lembaninso zomwezo ngati uthenga wamba. Mwatumiza chithunzi, nenani chimene chilipo: "Awa ndi matumba a feteleza amene afika ku kalabu lero." Pa Facebook pali malo otchedwa Alt text olembamo kufotokoza kotere.

Timazithunzi ta nkhope zoseka ndi manja opemphera tichepe, chifukwa TalkBack imatchula kalikonse ndi dzina lake, ndipo mukaika khumi munthu amamvera khumi. Zilembo zokongoletsa zokopera pa intaneti zija foni imalephera kuziwerenga bwino, lembani ndi zilembo wamba. Pa positala pewani zilembo zachikasu pa zoyera kapena zofiira pa zobiriwira. Vidiyo ikhale ndi mawu olembedwa pansi, kapena chidule chake chitsatire. Zothwanima mofulumira musatumize, popeza kwa anthu ena odwala khunyu zimayambitsa kugwa. Ndipo pa msonkhano pamene mwaonetsa kanthu pa foni kapena pa khoma, musangoti "monga mukuonera apa," werengani mokweza.

Foni ikapita kotchajitsa kapena kokonzetsa

Ntchito yonseyi ikhoza kufafanizika tsiku limodzi. Mnyamata wa potchajira amva foni ikulankhula, aganiza kuti yasokonekera, azimitsa TalkBack. Wokonza mafoni aifulasha, zonse zibwerera mmene zinalili pogula. Ndiye potumiza foni muzinena kuti "imalankhula dala, musasinthe kanthu," kapena izipita itazimitsidwa. Kumene kuli kotheka, kasola kakang'ono kapena pawabanki zimathandiza kuti foni isamachoke pakhomo, makamaka popeza kulankhula ndi vidiyo zimatha batire msanga.

Lembani papepala zonse zimene mwasintha, kapena zijambuleni ngati uthenga wa mawu mutumizire mwini foni ndi wachibale mmodzi, kuti wina aliyense adzathe kuzibwezeretsa inu kulibe. Mayina a anthu asungidwe pa akaunti ya Google, osati m'foni mokha, kuti akadzagula ina adzabwerere monga analembedwera. Pasiwedi ya akauntiyo asankhe mwini wake. Pakatha sabata imodzi mukawaonenso, muwafunse pamene pakuvutabe, ndipo mukatenge chinthu chotsatira pa zimene anatchula tsiku loyamba.